Makina a ku Joni, ng'ombe zitatu za kwa Kabudula

Inu a mumsika simufunika kuuzidwa kuti belo n'chiyani. Amene mumagulitsa kaunjika mumadziwa mmene mtima umagundira pamene waya akudulidwa, poti m'katimo mukhoza kupezeka majekete obweza mpamba tsiku lomwelo, kapena sanza zoti ngakhale wopereka ulere angachite nazo manyazi. Amene munakulira ku fodya mumalidziwa belo la pa jeke, losokedwa m'chiguduli, lopita ku Kanengo kukagona pamzere kudikira mtengo. Lero ndikufuna tikambirane za belo lachitatu, limene ambiri a ife tangoliona pa foni basi: belo lobulungira la chakudya cha ng'ombe, lotalika kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, lomwe limagubuduka kuchokera kumbuyo kwa makina okokedwa ndi thirakitala.

Musafulumire kunena kuti zimenezo n'za azungu a m'maesiteti. Ambiri a inu a ku Tsoka, ku Kawale, ku Nsungwi ndi kwa Chinsapo thupi lili m'tauni koma mtima uli kumudzi. Geni ikayenda bwino mumagula kang'ombe, mumatumiza ya feteleza, ndipo pakabwera nkhani yogula chinthu chachikulu pabanja, foni yoyamba imalira ndi yanu. Tsono tsiku lina m'bale wanu adzakutumizirani kanema wa makina amenewa n'kunena kuti tisonkherane. Kwathu zachitika kale, ndipo zinatsala pang'ono kudanitsa ana a mimba imodzi.

Kwathu ndi kwa Kabudula, mukapitirira pang'ono pa Nsaru. Amayi ali ndi ng'ombe zitatu za mkaka. Zinayamba ndi imodzi ija ya ngongole yobweza ndi mwana wake, ndipo ng'ombe zimenezi ndi zimene zinandilipirira fizi mpaka Fomu 4. Kuyambira Janyuwale mpaka Meyi zinthu zimakhala bwino: nsenjere ili gwa m'mbali mwa dimba, udzu uli paliponse, chigubu cha mkaka chimadzadza mpaka wanjinga kudandaula. Koma ikangofika Seputembala, dziko limasanduka lofiira. Kudambo kwapsa, mapesi atha, ng'ombe zikungolira m'khola nthiti zili pamtunda. Mkaka umatsika mpaka theka, nthawi zina kuposa apo, ndipo nthawi yake ndi yomweyo imene pakhomo pakufunika ndalama ya mbeu ndi feteleza. Inu ogulitsa chambiko ndi tiyi mukudziwa mmene mkaka umasowera mu Okutobala. Chifukwa chake ndi chimenechi, palibenso china.

Achimwene anga aakulu atha zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito pa famu ya ng'ombe za mkaka ku KwaZulu-Natal. Kumeneko aona ndi maso awo mmene udzu umamwetedwa nthawi ya mvula, kumangidwa m'mabelo, kukulungidwa m'pulasitiki, ng'ombe n'kumadya zobiriwira chaka chonse ngati kulibe chilimwe. Atamva kuti mlimi wina woyandikana nawo akugulitsa makina ake akale, tulo tinawathera. Anati ndalama yonse imene asunga aikepo, ine ndi alongo athu amene amagulitsa nyemba ku Wakawaka tiwonjezere ya thiransipoti ndi ya kasitomu, makinawo abwere pa lole kudzera ku Dedza. Azungu amawatcha round baler.

Ine sindinawaseke, ndipo inunso musawaseke. Agogo athu aamuna anabwera ku Theba ndi njinga ndi makina osokera, mudzi wonse unakawachingamira kumsewu. Mwamuna amene wavutika kunja kwa zaka, kugona m'kachipinda, kutukwanidwa kuti kwerekwere, amafuna kulowa m'mudzi ndi chinthu choti anthu aone kuti sanapite kukasewera. Komanso maganizo awo anali abwino: ankafuna kuti ng'ombe za amayi zisiye kugona ndi njala. Atsibweni, amene ndiwo eni mbumba, atamva nkhaniyi anangoti, "Iwe ndiwe wa nyuzi, umayenda m'maofesi. Pita ukafunse, ubwere utiuze zoona." Ndinafunsa alangizi, amakaniko a mathirakitala, ndi bambo wina amene wakhala kapitawo pa esiteti kwa zaka zambiri. Zimene ndinatolera ndi izi.

Choyamba, makinawa anapangidwa kuti athetse vuto la eni ake. Kampani ya Allis-Chalmers ku America inayamba kugulitsa makina opinda timabelo ting'ono-ting'ono tobulungira mu 1947, ndipo mu 1971 Gary Vermeer wa ku Iowa anatulutsa a mabelo akulu-akulu tikuonawa. Chimene chinkawavuta kumeneko n'kusowa kwa antchito. Alimi ankafuna kugulitsa ng'ombe zawo chifukwa chosowa anthu owathandiza kututa udzu, ndiye Vermeer anafuna makina oti munthu mmodzi yekha amalize ntchito ya famu yonse. Nanga kwa Kabudula chimene chikusowa ndi anthu? Anyamata ali mbwee pa Nsaru kudikira ganyu. Chimene chimasowa kwathu ndi dizilo, ndalama zakunja ndi masipeya, ndipo makina amenewa amadya zitatu zomwezo.

Chachiwiri, makinawa alipo a mitundu iwiri, ndipo wogula ayenera kudziwa chimene akufuna kumanga asanatulutse ndalama. Mtundu woyamba uli ndi mimba yosasintha kukula, yozunguliridwa ndi marola achitsulo. Udzu umalowa, n'kumazungulira m'katimo mpaka mimba itadzadza, ndipo belo lililonse limatuluka lofanana, pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20 kapena 25. Pakati pa belo pamakhala pofewerapo, kunja kolimba. Mtundu umenewu ndi umene umalimbana bwino ndi udzu wauwisi, wolemera, woti ukhale sayileji, chija chakudya cha ng'ombe chosungidwa chachiwisi mopanda mpweya mpaka chitachita kafungo kowawasa. Zitsulo zake n'zosavuta kuzimvetsa, ndipo makaniko wa ku Biwi akhoza kuzigwira.

Mtundu wachiwiri uli ndi malamba amene amafinya udzu kuyambira pachiyambi, mimba n'kumakula pamodzi ndi belo. Woyendetsa amasankha yekha kukula kwake, kuyambira pansi pa mita imodzi mpaka kupitirira mita ndi theka. Belo lake limakhala lothinana kuyambira pakati, ndiye ndi wabwino pa zouma, monga mfutso wa udzu ndi mapesi a tirigu, poti mumalowetsa zambiri m'belo limodzi. Koma malamba amaterereka pa udzu wonyowa, amang'ambika ndi zitsotso, ndipo lamba akaduka simudzam'peza pa Malangalanga. Amene achimwene anawaona anali a malamba, pamene iwo mumtima ankafuna sayileji. Apo pokha panali kale pofunika kukhala pansi.

Chachitatu, makinawa sayenda okha. Ali ngati mkwatibwi wa m'tauni, amabwera ndi abale ake. Pafunika thirakitala ya mphamvu, ya mahosipawa 70 kapena kuposa, makamaka ngati makinawo ali ndi mipeni yodulira udzu m'kati. Pafunika makina omwetera. Pafunika china chokokera udzu m'mizere kuti omangawo azitola. Ngati mukufuna sayileji pafunikanso makina okulungira belo m'pulasitiki yomata, kuzunguliza kanayi kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo lizikulungidwa tsiku lomwelo mpweya usanaliwononge. Pafunika neti kapena thwayini womangira. Pomaliza pafunika chonyamulira cha kutsogolo kwa thirakitala, chifukwa belo la sayileji limalemera makilogalamu 600 kapena kuposa, kufanana ndi matumba 12 a chimanga omangidwa pamodzi. Amuna angati angalikweze pangolo? Ndipo likakwera, ngoloyo ndi ng'ombe zake zikafika?

Pa nkhani ya thirakitala achimwene anati tizidzachita hayala. Apa mpamene ndinawakumbutsa mbiri ya dziko lathu. Mu 2016 Ombudsman wa nthawi imeneyo, mai Martha Chizuma, anatulutsa lipoti la mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144 amene boma linagula ndi ndalama za ngongole yochokera ku India, ati kuti athandize alimi ang'ono-ang'ono. Ambiri a mathirakitalawo anagulitsidwa motchipa kwa anthu a maudindo ndi ena ochita bwino, ngongole n'kutsalira ine ndi inu. Tsono mlimi wa kwa Kabudula amene akufuna thirakitala sabata imene udzu wafika pomweta, osati sabata yamawa, akaipeza kuti? Udzu sudikira. Ukachita maluwa n'kukhwima, mphamvu yake yapita, mwatsala ndi zofolerera nyumba.

Chachinai ndi munda weniweniwo. Makina amenewa ali ndi mano achitsulo kutsogolo amene amapalasa pansi kutola udzu, ndipo amafuna malo osalala ngati bwalo la mpira. Minda yathu ndi ya mizere. Kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma, kuyambira ku Namitete mpaka ku Kasiya, munda uliwonse ndi mizere yotalikirana masentimita 75 kapena 90, apa chitsa, apo chulu, uko mtengo wa mango umene agogo anabzala ndipo palibe angaudule. Mano aja akagunda mzere amathyoka, akapanda kuthyoka amatola dothi n'kulilowetsa m'belo. Dothi likalowa mu sayileji amaola m'malo mowawasa, ndipo ng'ombe ikhoza kudwala nazo mpaka kufa.

Ndiponso tifunse: kwathu kuno timange chiyani? Azungu akamanena za zotsalira m'munda amanena mapesi a tirigu ndi barele, opyapyala ngati udzu. Kuno ku chigwa cha Lilongwe tirigu sitilima. Amalimidwa kumapiri a ku Neno ndi kwa Tsangano. Mpunga wochuluka uli ku Karonga, ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Chilwa. Zathu ndi mapesi a chimanga, zotsalira za soya, ndi masangwi, aja masamba ndi timitengo totsala mukathothola mtedza. Phesi la chimanga ndi lolimba, liyenera kuyamba laphwanyidwa ndi makina ena lisanamangidwe, ndipo nsonga zake zimaboola pulasitiki. Ngakhale kumaiko a anzathuwo chimanga cha sayileji kawiri-kawiri amachidula tizidutswa n'kuchitsendera m'nkhuti yapansi. Masangwi ndiye chuma chenicheni, ng'ombe zimawakonda ndipo amawonjezera mkaka, koma ubwino wake uli m'masamba, ndipo masamba ouma amayoyoka akapunthidwa ndi mano achitsulo. Paja mtedza wathu timazula ndi khasu n'kuunjika pamulu. Zili kale pamalo amodzi, makina oyenda m'munda akatola chiyani?

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi, poti inu masamu a ndalama mumawadziwa kuposa aphunzitsi. Tiyerekeze kuti munda wa amayi watulutsa matani atatu a zotsalira zouma. Belo limodzi louma limalemera makilogalamu 250 kapena chapompo. Ndiye kuti munda wonse ndi mabelo 12. Makina abwino amamanga mabelo 30 pa ola limodzi. Kunena kwina, ntchito ya chaka chonse ya pakhomo pathu ikanatha madzi a tiyi asanawire bwino, kenaka makina n'kukagona pansi pa mtengo miyezi khumi ndi iwiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndani wa inu angagule lole ya matani 30 kuti azikaodera dengu limodzi la tomato?

Masamu ena ndi a pakamwa pa ng'ombe. Ng'ombe ya mkaka imadya sayileji wokwana makilogalamu 20 kapena 25 patsiku, pamodzi ndi madeya ndi zina. Zitatu ndiye kuti 75 basi. Belo la makilogalamu 600 lingatenge masiku asanu ndi atatu kuti lithe. Koma sayileji mukangomutsegula mpweya umalowa, amayamba kutentha ndi kuchita nkhungu m'masiku ochepa, makamaka ndi dzuwa la Okutobala. Pa famu ya ng'ombe 200 belo limatha pa kadzutsa. Pakhomo pa amayi theka lake likanathera kudzala. Onjezanipo makoswe, akhwangwala, mbuzi za aneba ndi ana oseweretsa timitengo. Kabowo kamodzi pa pulasitiki n'kokwanira kuwononga chakudya cha sabata yonse.

Za mtengo ndisachite kutalikitsa. Atsopano a makampani odziwika monga Claas, Krone, John Deere, New Holland kapena McHale amagulidwa madola zikwi makumi angapo asanakwere n'komwe sitima. Akale amatsika mtengo, koma amabwera ndi matenda awo. Ndipo chilichonse chimene makinawa amadya n'chochokera kunja: neti, pulasitiki, malamba, matcheni, mabering'i. Inu amene mumaoda katundu ku Tanzania ndi ku Joni mukukumbuka zimene zinachitika mu Meyi 2022 kwacha itagwa ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023 itagwanso ndi 44 peresenti. Munagona ndi mpamba wa mabelo awiri n'kudzuka ndi wa limodzi. Mlimi amagulitsa mkaka m'makwacha, pa mtengo umene amauzidwa ndi ogula, koma pulasitiki aziigula m'madola. Walira mvula walira matope.

Pali nkhani inanso imene siilembedwa m'mabuku a makina. Kumudzi, anthu akangomaliza kukolola, ziweto zimatayiriridwa ndipo mapesi a m'munda mwanu amasanduka a ng'ombe ya aliyense. Anyamata osaka mbewa nawo amabwera ndi machesi. Alangizi ena akuti mapesi musachotse, muphimbire nthaka kuti isunge chinyezi. Ena akuti pangirani manyowa. Phesi limodzi lomwelo likulimbiranidwa ndi anthu anai. Munthu amene angabwere ndi makina n'kusesa minda ya mudzi wonse, ngakhale atalipira, adzakumana ndi mafunso kubwalo la amfumu: nanga ng'ombe za ngolo za anzake zidya chiyani? Nkhani yotere imayamba ndi kukambirana, chitsulo chimabwera pambuyo.

Kodi ndiye kuti makinawa ndi oipa? Iyayi. Kunena mosapsatira, pali anthu m'dziko muno amene akuwafunikira. Munthu amene ali ndi mahekitala makumi angapo a malo osalala, wabzala udzu wa Rhodes, uja eni maesiteti a fodya ankabzala posinthanitsa ndi fodya kuti athane ndi tianyongolotsi ta m'mizu, ali ndi thirakitala yake-yake ndi ng'ombe zambiri, ameneyo agule. Ngati ntchito yake yaikulu ndi udzu wauwisi, asankhe a marola. Ngati ndi mfutso wouma woti azigulitsa kwa alimi a mkaka m'chilimwe, asankhe a malamba. Asanapereke ndalama afunse kuti masipeya ake amapezeka kwa ndani ku Lilongwe kuno, osati ku Durban. Ndipo poti makina si belo la kaunjika loti mumagula chotseka, awaone akugwira ntchito. Aone nambala ya mabelo amene amangapo, agwedeze matcheni, awerenge mano othyoka, ndipo akazimitsa ayandikize dzanja pa mabering'i. Bering'i yotentha pakati pa udzu wouma ndi moto, ndipo makina ambiri otere athera m'malawi.

Aliponso ang'ono ochokera ku India ndi ku China, omanga timabelo ta makilogalamu 20 kapena 25 toti mayi akhoza kusenza, wakabaza n'kumanga awiri pakaliyala. Amakokedwa ndi thirakitala yaing'ono. Amenewa akhoza kuthandiza gulu, monga magulu osonkhanitsa mkaka amene ali pansi pa bungwe la CREMPA m'chigawo chapakati, ngati mamembala atagwirizana kubzala udzu pamalo amodzi osalala ndi kusunga ndalama ya masipeya m'buku loti aliyense aziliona. Koma ngakhale pamenepo dongosolo lake ndi lomwelo: udzu uyambe wamera, makina abwere pambuyo.

Nditabwerera kumudzi ndi zonsezi, atsibweni anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka. Anati, "Mphwanga, zimene wayendera m'tauni sabata ziwirizi ife tinkachita usanabadwe." Ndipo ankanena zoona. Mu 1968 boma linayambitsa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za World Bank, ndipo mbali ina ya chitukukocho inali kunenepetsa ng'ombe m'khola. Alimi ankatenga ng'ombe pangongole, zambiri zochokera ku Dzalanyama Ranch, n'kuzidyetsa m'khola mpaka zitakwana kupita kokaphedwa. Zinkadya chiyani? Mapesi, masangwi ndi madeya, zotutidwa ndi ngolo ndi pamutu, zosungidwa pathandala. Za ndale za nthawi imeneyo tonse tikuzidziwa ndipo palibe akuzilira, koma luso lotuta masangwi mvula ya mwadzidzidzi ndi moto zisanawapeze linali labwino, ndipo m'midzi yambiri linatayika. Pa Chitedze pomwepa, pamene pakhala pa kafukufuku wa zaulimi kuyambira 1948 ndipo mpamene panachokera mtedza wa CG7, akhala akunena kwa zaka kuti mlimi wa mtedza amakolola kawiri, pansi ndi pamwamba. Ife timatenga zapansi, zapamwamba n'kusiyira chiswe.

Tsono m'malo mwa makina tinaika pamaso pa banja zinthu zinai. Choyamba, bokosi la matabwa lopanda pansi, lotalika pafupifupi mita imodzi, theka la mita m'lifupi ndi m'litali mwake, loti mmisiri aliyense wa pa Namitete akhoza kukhoma tsiku limodzi. Mumayala zingwe ziwiri m'kati, kuthiramo masangwi kapena udzu wouma, kupondaponda ndi miyendo, kuwonjezera, kupondanso, kumanga, n'kukweza bokosi. Latuluka belo la makilogalamu 15 kapena 20, masamba ake ali momwemo. N'chimodzimodzi jeke wa fodya, kungoti jeke wake ndi miyendo ya ana a sukulu pa holide. Chachiwiri, shedi ya denga labwino ndi thandala lokwera, kuti chiswe ndi chinyezi zisafike. Chachitatu, maenje awiri ang'ono-ang'ono a sayileji m'malo mwa limodzi lalikulu, kuti lina likatsegulidwa lina likhale chitsekere. Mumadula nsenjere kapena chimanga chachiwisi tizidutswa ngati chala, kufwafwaza madeya pang'ono pa nsenjereyo kuti iwawase bwino, kutsendera mpaka mpweya utatha, kuphimba ndi pulasitiki ndi dothi, n'kudikira milungu isanu ndi umodzi. Chachinai, ndipo ichi chokha ndicho cha injini, kamakina kodulira nsenjere ndi mapesi, poti kudula matani awiri ndi chikwanje kumathetsa chibale.

Tinawaimbira achimwene Lamulungu madzulo, foni ili pamphasa pakati pa tonse. Sizinayende bwino. Anati ife a kumudzi timaopa chitukuko. Anati ine ndaphunzira kuti ndizitsekereza anzanga. Anati anzawo a ku Zambia ndi ku Zimbabwe akutumiza makina kwawo pamene ife tikukamba za bokosi la matabwa ngati tili m'nthawi ya atsamunda. Alongo athu anayankha mokweza kuti ndalama yawo ya nyemba siyopita ku chitsulo chogona, ndipo mau anayamba kukula mbali zonse. Amayi anakhala chete nthawi yonseyi. Pomaliza anasendera pafupi ndi foni n'kunena kuti, "Mwananga, ine ndamva kuti ukufuna kundithandiza, ndipo ndathokoza. Koma ng'ombe zangazi n'zitatu. Ukabwera ndi chinthu choti ine sindingachinyamule, sindingachikonze, sindingachidyetse, ndiye kuti wandibweretsera ng'ombe yachinai yosakamidwa." Foni inaduka. Kaya ndi mayunitsi, kaya ndi mtima.

Panapita milungu itatu osamvana. Inu amene muli ndi abale kunja mukudziwa kuwawa kwa chete wotere, poti munthu ali kutali, dziko lake ndi la eni, ndipo simudziwa ngati wakwiya kapena wagwa m'mavuto. Kenaka tsiku lina alongo athu analandira uthenga wa ndalama, pamodzi ndi mau ochepa: ya kamakina kodulira ndi malata a shedi. Patapita masiku anandiimbira ine, osatchulako za mkangano uja, n'kundifunsa kuti malo aja a kumunsi kwa dimba, osalala aja amene sitilimapo chimanga chifukwa cha madzi, ndi aakulu bwanji. Akuti akabwera pa Khirisimasi akufuna akaonane ndi amfumu ndi a komiti ya gulu la mkaka, akambirane zobzala udzu wa Rhodes pamodzi. Akuti ukamera bwino zaka ziwiri, ndipo anthu akazolowera kugula mfutso ndi ndalama, nkhani ya makina ang'ono aja adzaiyambitsanso. Sanagonje, ndipo ine ndikuona kuti ali ndi ufulu wosagonja. Zimene aphunzira ku famu ya eni zija n'zenizeni, ndipo mwina tsiku lina kwa Kabudula kudzafunikadi munthu wodziwa kumanga belo lobulungira.

Pakali pano shedi yaima, ndipo muli mabelo a masangwi okwana kudyetsa ng'ombe zitatu mpaka mvula yoyamba ngati amayi atamasakaniza ndi mapesi odula. Aneba amene ankaseka bokosi lija abwera kale kawiri kudzalibwereka. Dzenje loyamba tidzalitsegula dzuwa likafika poswa mtengo, ndipo chigubu cha mkaka n'chimene chidzanene ngati tinaganiza bwino.

Kwa inu anzanga a mumsika, pempho langa ndi laling'ono. Ndalama yanu imabwera movutikira, ndi dzuwa, ndi fumbi, ndi kuthamangitsana ndi a khonsolo. M'bale akakutumizirani kanema wa makina aliwonse, kaya ndi omangira udzu, kaya ndi chigayo, kaya ndi pampu, musayambe ndi kufunsa mtengo. Funsani kuti ng'ombe zilipo zingati, munda ndi wotani, adzakoka ndani, akathyoka adzakonza ndani, ndipo pa chaka adzagwira ntchito masiku angati. Mukapita kumudzi mwezi wokolola mtedza, pitani ndi thwayini wa mabelo, ndipo muwauze ana kuti masangwi asawotche.